Sewero Losaonetsa Mtembo: Zisudzo za Akuda a ku America ndi Ife a ku Khombedza

Pa Khombedza, m'mbali mwa msewu wa M5 wochoka ku Salima kulowera ku Nkhotakota, sewero si chinthu chachilendo. Ana asukulu amasewera, achinyamata a kumpingo amasewera, ndipo kukabwera alendo a zaumoyo kapena zaulimi sipalephera kagulu kovala zigamba kodzasangalatsa anthu. M'masewero ambiri otere mumapezeka wakuba. Amagwidwa ndi mbuzi kapena njinga, amathamangitsidwa kuzungulira bwalo, amamenyedwa ndi zisonga za chimanga, ndipo tonse timafa nako kuseka. Zaka zoposa 100 zapitazo, amayi ena akuda a ku America analembanso masewero a munthu wothamangitsidwa ndi chigulu, koma iwo anasankha njira ina. Nawa mafunso omwe aphunzitsi ndi okonda zisudzo amafunsa akangomva za nkhaniyi.

Kodi lynching n'chiyani, nanga pa Chichewa tingaitchule bwanji?

Mawu amodzi olowa m'malo mwake tilibe. Ndi kupha munthu mwachigulu, poyera, popanda kumuzenga mlandu, opha aja akudziwa kuti palibe amene adzawagwire. Ambiri amaganiza kuti kunali kupachika munthu pamtengo basi, koma ena ankawotchedwa amoyo, ena kuwomberedwa, ena kukokedwa mumsewu. Nthawi zina tsiku ndi malo zinkalengezedwa, anthu n'kubwera pa sitima ndi ana awo ngati akupita kumpira. Ku Waco m'chigawo cha Texas, pa 15 May 1916, khamu loposa 10,000 linaonerera mnyamata wa zaka 17, Jesse Washington, akuwotchedwa pafupi ndi ofesi za mzinda, ndipo zithunzi zake zinagulitsidwa ngati makadi otumizirana papositi. Mchitidwewu unakula ukapolo utatha mu 1865, makamaka m'zigawo zakummwera, komwe azungu ambiri sanafune kuona kapolo wadzulo akuvota, akugula munda kapena akuyankha mzungu maso ndi maso.

Anaphedwa anthu angati, ndipo ankalakwa chiyani?

Sukulu ya Tuskegee, yomwe inkasunga kaundula wa imfazi, inawerenga anthu 4,743 kuyambira 1882 mpaka 1968, ndipo 3,446 mwa iwo anali akuda. Chaka choipitsitsa chinali 1892.

Bodza lomwe linafala, ndipo ena akulikhulupirirabe, n'lakuti ophedwawo anali ogwirira akazi achizungu. Amene analivula bodzali ndi mtolankhani Ida B. Wells. Mu March 1892, ku Memphis, anzake atatu, Thomas Moss, Calvin McDowell ndi Will Stewart, anatulutsidwa m'ndende usiku n'kuphedwa. Gwero la nkhani linali golosale yawo, People's Grocery, yomwe inkalanda makasitomala a mzungu wa golosale yoyandikana nayo. Mayi Wells anayamba kusanthula imfa imodzi imodzi pogwiritsa ntchito nyuzipepala za azungu omwewo, ndipo anapeza kuti ambiri mwa ophedwa sanaimbidwe n'komwe mlandu wogwirira. Atalemba zimenezi, ofesi ya nyuzipepala yake inaphwasulidwa ndipo sanakhalenso ku Memphis.

Mlimi wa thonje wa ku Salima angamve msanga nkhani ya Anthony Crawford wa ku Abbeville, South Carolina. Anali ndi munda wa maekala oposa 400. Mu October 1916 anakangana ndi mzungu wa sitolo pa mtengo wa njere za thonje, ndipo dzuwa lisanalowe anali atapachikidwa. Aliyense amene anaimapo pa sikelo n'kuuza wogula kuti mtengowu ayi, adziwe kuti mlandu wa Crawford unayambira pomwepo.

Pa nkhani yamagazi chonchi, bwanji anthu anathamangira ku zisudzo?

Chifukwa bodza lija linkakhala pa nsanja ya zisudzo. Kuyambira m'ma 1830, azungu ankadzipaka mwaye kumaso n'kumavina monyogodola munthu wakuda, kumuonetsa ngati chitsiru chaulesi. Dzina lakuti Jim Crow, lomwe pambuyo pake linapatsidwa kwa malamulo a tsankho, linachokera ku sewero la mtundu umenewu. Kenako mu 1905 Thomas Dixon anatulutsa The Clansman, buku lomwe linasandutsidwanso sewero, losonyeza mwamuna wakuda ngati chilombo ndi gulu la Ku Klux Klan ngati mpulumutsi. Mu February 1915 nkhani yomweyo inatuluka pa kanema ya D. W. Griffith, The Birth of a Nation, yomwe inaonetsedwa ngakhale ku White House. Chaka chisanathe, Ku Klux Klan inadzukanso ku Georgia.

Bungwe lomenyera ufulu wa akuda la NAACP linayesa kuletsa kanemayo koma m'malo ambiri linalephera. Ziwerengero za Mayi Wells zinalipo, koma munthu amene walira m'holo yakanema simungamutembenuze ndi masamu. Panafunika chithunzi china choti chipikisane ndi chija.

Sewero loyamba linali liti?

Akuda a ku America anayamba zisudzo kale. Ku New York kunali African Grove Theatre mu 1821, ndipo William Wells Brown, yemwe anathawa ukapolo, anasindikiza sewero lake The Escape mu 1858. Koma pa nkhani ya lynching, lomwe limatchulidwa kuti linatsekula njira ndi Rachel, lolembedwa ndi mphunzitsi Angelina Weld Grimké. Linaseweredwa pa 3 ndi 4 March 1916 pa sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya Myrtilla Miner ku Washington, mothandizidwa ndi NAACP, ndipo linasindikizidwa mu 1920.

Rachel ndi mtsikana wophunzira amene amakonda ana kwadzaoneni. Amakhala ndi mayi ake osoka zovala ndi mlongo wake Tom mumzinda wina wakumpoto. Tsiku lina mayi aja amaulula chinsinsi chomwe asunga zaka khumi: bambo a anawo, omwe ankalemba nyuzipepala yodzudzula kupha kwa chigulu, anatulutsidwa m'nyumba usiku n'kuphedwa pamodzi ndi George, mwana wamkulu wa mayiwo, yemwe anathamangira kukawalanditsa. Zaka zikupita, Tom amamaliza maphunziro a zamagetsi koma ntchito osaipeza. Kamnyamata komwe Rachel akulera, Jimmy, kamabwera kuchokera kusukulu katatukwanidwa ndi kugendedwa chifukwa cha khungu lake, n'kumabwebweta kutulo. Pamapeto Rachel amakana mwamuna amene amamukonda, John Strong, atalumbira kuti sadzabereka mwana woti adzakumane ndi zimenezi.

Kunena zoona, seweroli n'lalitali, ndipo pena anthu ake amalankhula ngati akuwerenga kalata. Si luso lokhalokha. Koma taonani zomwe linaika pamaso pa anthu mu 1916: banja lakuda lokhala ndi piyano, mabuku, maluwa, nthabwala za pa chakudya. Chimenecho pachokha chinali kutsutsa Griffith.

Ndiye kuti pa nsanja ankaonetsa munthu akupachikidwa?

Ayi, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse. M'masewero odziwika a nthawi imeneyo chingwe sichioneka, mtengo suoneka, mtembo suoneka. Chomwe woonera amaona ndi khitchini kapena pabalaza. Wina akusita, wina akusoka, agogo akupakula chakudya. Imfa imalowa ngati phokoso lakutali, kapena ngati mnansi wothamanga amene wafika pakhomo wefuwefu.

Tengani A Sunday Morning in the South la Georgia Douglas Johnson, la mu 1925. Ndi Lamulungu m'mawa. Agogo Sue Jones akonzera adzukulu awo chakudya, ndipo kuchokera m'tchalitchi chapafupi mukumveka nyimbo. Mdzukulu wawo Tom Griggs, wa zaka 19, akunena kuti akufuna kudzaphunzira zamalamulo. Apolisi amalowa ndi mtsikana wachizungu amene wachitidwa chipongwe usiku wathawo, n'kumufunsa ngati mnyamatayu ndiye. Mtsikanayo sakutsimikiza, koma apolisi amamukankhira ku yankho lomwe akufuna. Agogo ndi mng'ono wake wa Tom akulumbira kuti anagona m'nyumba usiku wonse, osamveka. Tom amatengedwa. Agogo amatuma uthenga kwa mayi wachizungu yemwe anamulera ali mwana, poti bambo ake ndi woweruza milandu. Thandizo lisanabwere, uthenga umafika kuti chigulu chalanda mnyamatayo kwa apolisi ndipo zatha. Nyimbo ya kutchalitchi ikupitirirabe.

Bwanji anabisa mtembo? Chifukwa opha aja ndiwo ankakonda kuonetsa mtembo. Zithunzi anali nazo kale zambirimbiri, ndipo pa chithunzi chotere munthu sakhala ndi dzina, sakhala ndi mayi, amangokhala chinthu cholendewera. Kubwereza chithunzicho kukanakhala kuwagwirira ntchito. Alembi aja anachita chomwe chigulu sichingapirire: anamubwezera munthuyo kwawo, anamukhazika pa mbale yake, anatimvetsa zomwe ankafuna kudzakhala. Koritha Mitchell, amene anafufuza masewerowa m'buku la 2011 lotchedwa Living with Lynching, akutsindika kuti chigulu chinkalimbana kwambiri ndi akuda amene zinthu zikuwayendera, ndipo masewerowa anali umboni woti mabanja oterowo analipo. Ife a kuno sitiyenera kuvutika kumvetsa. Pamaliro sitipita kukaona mmene munthu wafera. Timakhala pansi n'kumva kuti anali mwana wa yani, wasiya ana angati, ndipo ndani adzalime munda wake.

N'chifukwa chiyani alembi ambiri anali amayi?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amuna ndiwo ankaphedwa kwambiri, koma otsala ndi ana, ngongole ndi mantha anali amayi. Komanso bodza lija linkanena kuti zonsezi zikuchitika poteteza mkazi, pamene mkazi wakuda ankagwiriridwa ndi azungu popanda woimbidwa mlandu. Nawonso amayi ankaphedwa. Mu May 1918 kummwera kwa Georgia, Mary Turner, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, anaphedwa mwankhanza zosaneneka chifukwa ananena poyera kuti adzasumira omwe anapha mwamuna wake Hayes. Grimké analembapo nkhani zazifupi zochokera pa imfa imeneyi.

Panalinso chifukwa china chosavuta. Ambiri mwa alembiwa anali aphunzitsi a ku Washington, ndipo ankadziwana. Grimké ndi Mary Burrill ankaphunzitsa pa sekondale imodzi, M Street, yomwe inadzatchedwa Dunbar. May Miller, amene analemba Nails and Thorns mu 1933, anaphunzira pomwepo. Loweruka madzulo ankakumana kunyumba kwa Georgia Douglas Johnson pa S Street, kuwerengerana zomwe alemba. Amuna analembako, monga G. D. Lipscomb ndi sewero lake Frances la 1925, koma msana wa ntchitoyi unali wa amayi.

Akuti muli sewero lomwe mayi amapha mwana wake wakhanda. Kodi kumeneko si kutaya mtima?

Lilipo, dzina lake Safe, la Johnson yemweyo, la cha m'ma 1929. Liza ali pafupi kuchira. Kunja chigulu chikudutsa chikukoka mnyamata wa mumpingo mwawo amene anabwezera bwana wake atamumenya pa mkangano wa malipiro, ndipo Liza amamumva akuitana mayi ake. Matenda amayamba pomwepo. Mwana atabadwa, Liza amafunsa ngati ndi wamkazi kapena wamwamuna. Atamva kuti ndi wamwamuna, amamupha, poganiza kuti wamubisa komwe chigulu sichingamupeze. Izinso sizichitika pamaso pathu. Adokotala ndiwo amatuluka m'chipinda kudzanena.

Kwa Mmalawi, amene mayi akachira amafunsa kaye kuti "mwana wanji?" mwachimwemwe, sewero ili limabaya penipeni. Ngakhale akuda ena sanakonde masewero otere. Rachel ananenedwa kuti akulimbikitsa mtundu kudzitha wokha, ndipo masewero ena a Johnson anabwezedwa ndi a NAACP m'ma 1930 pa chifukwa chakuti ankathera m'kugonja. Ineyo sindiona kuti mlembi ankalangiza amayi kuchita zimenezo. Ankawerengera dziko ngongole yonse: kaundula wa Tuskegee ankalemba munthu mmodzi wophedwa, koma sankalemba mayi wopenga, ukwati wolephereka, kapena mwana amene sanabadwe.

Ndiye onse ankangolira, palibe wobwezera?

Alipo. Mu Aftermath la Mary Burrill, la 1919, John akubwera kuchokera ku nkhondo ku France ndi mendulo yaukatswiri. Mlongo wake wakhala akumubisira m'makalata kuti bambo awo anawotchedwa ndi chigulu atakangana ndi mzungu pa mtengo wa thonje. Mnansi wina amatulutsa chinsinsicho mosadziwa. John amatenga mfuti zomwe wabwera nazo, kupatsako mng'ono wake, n'kutuluka usiku. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, Alice Dunbar-Nelson anali atafunsa funso lomwelo mu Mine Eyes Have Seen: mnyamata amene bambo ake anaphedwa ndi chigulu akaitanidwa kunkhondo, apite kukafera dziko lotere? Funso limeneli ife tikulidziwa, pakuti John Chilembwe analifunsa m'kalata yake yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, askari a kuno atayamba kufa ku Karonga pa nkhondo ya azungu.

Lilipo limodzi lomwe mnyamata amapulumuka, Blue-Eyed Black Boy, koma kapulumukidwe kake n'kowawa. Mayi ake amatumiza mphete yakale kwa bwanamkubwa wa chigawo, kumukumbutsa kuti mnyamata wa maso obiriwira amene ali m'chitokosiyo ndi mwana wake. Asilikali amabwera. Ndiye kuti lamulo linkatha kugwira ntchito, likafuna.

Ankaseweredwa kuti? Analemera nawo?

Sanalemere nawo. Nyumba zikuluzikulu za zisudzo za pa Broadway sizinkawafuna. Ambiri anali aafupi, a chigawo chimodzi, anthu asanu kapena asanu ndi awiri, ndipo ankasindikizidwa m'magazini monga The Crisis ya W. E. B. Du Bois kuti anthu aziwerenga mokweza m'matchalitchi, m'masukulu ndi m'nyumba. Mu 1926 gulu la Du Bois, Krigwa Players, linkasewera m'chipinda chapansi cha laibulale ya ku Harlem, ndipo mfundo yake inali yakuti sewero la akuda linene za iwo, lilembedwe ndi iwo, liseweredwe pofuna iwo, komanso pafupi ndi kwawo. Ena monga Alain Locke ankatsutsa, amvekere zisudzo zisasanduke ulaliki wa ndale. Mkangano umenewu sunathe mpaka lero, ndipo aliyense amene analembapo sewero lolipiridwa ndi bungwe la chitukuko akuudziwa. Masewero angapo a Johnson anangokhala m'mabokosi, ndipo ambiri anawadziwa Kathy Perkins ndi Judith Stephens atasonkhanitsa ena m'buku la 1998.

Kodi akuda amenewa ndi abale athu omwe anatengedwa ku Nkhotakota?

Ambiri amaganiza choncho, koma mbiri sikuvomereza. Jumbe anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, pamene America inali italetsa kale kulowetsa akapolo ochokera kunja mu 1808. Anthu ogwidwa m'madera a kunyanja kuno ankawolotsedwa pa zombo kupita kutsidya, n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa, kenako pa zombo kupita ku Zanzibar. Ena ochokera m'chigwa cha Zambezi anakwezedwa ku Quelimane kupita ku Brazil. Makolo a akuda ambiri a ku United States anachokera kumadzulo kwa Africa ndi ku Congo ndi Angola. Ubale wathu ndi iwo unabwera mochedwa, kudzera mu mpingo ndi sukulu.

Nanga pali Mmalawi amene anaziona zimenezi ndi maso?

Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, ndipo anaphunzira pa seminale ya akuda mumzinda wa Lynchburg ku Virginia. Dzina la mzindawu linachokera kwa John Lynch amene anauyambitsa, ndipo ambiri amati mawu akuti lynching anachokera kwa m'bale wake Charles. Booth anasimba kuti ku Richmond anyamata achizungu ankawagenda chifukwa choyendera limodzi mzungu ndi wakuda. Pa zaka zitatu zomwe Chilembwe anakhala kumeneko panachitika zoopsa ziwiri zomwe dziko lonse linamva: chipolowe cha ku Wilmington mu November 1898, pomwe azungu anagwetsa boma la mzinda ndi kupha akuda ambiri, ndi kuwotchedwa kwa Sam Hose ku Georgia mu April 1899. Atabwerera mu 1900 n'kutsekula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, Chiradzulu, anadzathandizidwa ndi amishoni akuda a ku America, Landon Cheek ndi Emma DeLaney.

Tisanamizane kuti Chilembwe anaonera masewerowa. Anaukira pa 23 January 1915, anaphedwa pa 3 February, ndipo kanema ya Griffith inatuluka patangopita masiku asanu. Rachel anabwera chaka chotsatira. Komanso chomwe chinamukwiyitsa chinali pafupi: thangata, zikoti ndi kuwotchedwa kwa matchalitchi ake pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero. Koma iye ndi Grimké anali kuyankha nyengo imodzi, wina ndi mkondo, wina ndi cholembera. Zomwe zinatsatira kuukirako zikanamveka zozolowereka ku Georgia: anthu kusakidwa m'tchire, ena kuphedwa osaweruzidwa, tchalitchi cha ku Mbombwe kugwetsedwa.

Daniel Malekebu, amene anadzatsekulanso mishoniyo mu 1926, anamaliza udokotala pa Meharry ku Nashville mu 1917. Kamuzu Banda anaphunzira pomwepo mpaka 1937. Iye ali mumzindamo, mu December 1933, mnyamata wakuda Cordie Cheek, amene khoti linali litamumasula posowa umboni, anabedwa pafupi ndi yunivesite ya Fisk, yoyandikana ndi Meharry, n'kukaphedwa. Chodabwitsa n'chakuti boma la munthu amene anakhala pafupi chonchi ndi zoterezi ndilo linakhazikitsa lamulo la 1968 lopima zisudzo ndi mabuku, moti alembi athu, a Steve Chimombo ndi anzawo, anaphunzira kunena za imfa za lero kudzera mwa M'bona ndi Napolo. Nawonso anabisa mtembo, koma pa chifukwa china.

Masewerowa anathetsa lynching?

Ayi. Bilu ya Dyer yoti kupha kotere kukhale mlandu wa boma lalikulu inadutsa m'nyumba yaing'ono ya malamulo mu January 1922, koma maseneta akummwera anaitsekereza. Mabilu pafupifupi 200 anafa chimodzimodzi. Mchitidwewu unachepa pang'onopang'ono chifukwa cha zinthu zambiri: akuda mamiliyoni kusamukira kumpoto, manyazi a dziko pamaso pa mayiko ena, ndi kulimbika kwa mabungwe. Mu 1955 Emmett Till wa zaka 14 anaphedwabe ku Mississippi, ndipo mayi ake anasankha njira yosiyana ndi ya alembi aja: anatsekula bokosi kuti dziko lione. Lamulo lotchedwa dzina lake linasainidwa pa 29 March 2022, patapita zaka 106 chiseweredwere Rachel.

Kuwotcha akuba ndi kupha agogo oganiziridwa ufiti kuno kwathu, kodi si lynching yomweyo?

Zikufanana, koma si chimodzi, ndipo tisafulumire kuziphatikiza. Ku America mtundu wina unkagwiritsa ntchito imfa pofuna kupondereza mtundu wina, apolisi ndi oweruza akuyang'ana kumbali kapena akuthandiza. Kuno wopha ndi wophedwa nthawi zambiri amatunga pa mjigo umodzi. Anthu amati amatengera lamulo m'manja chifukwa wakuba akapita kupolisi mawa amamuona pamsika. Dandaulo limenelo si lopanda pake, makamaka kwa munthu amene njinga yake ya kabaza ndiyo munda wake.

Koma kayendedwe ka chigulu n'kamodzi. Mphekesera imathamanga kuposa umboni. Mu January 2016 ku Neno, agogo anayi a banja limodzi anaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mu 2017 mbiri ya anamapopa inaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena, mpaka United Nations inachotsako antchito ake. Amene amasankhidwa amakhala wosavuta kumuchotsa m'gulu la anthu: nkhalamba yokhala yokha, wodwala misala, mlendo wosadziwa njira. Ndipo ife eni tikawoloka Limpopo timasanduka mlendoyo. Mu May 2008 anthu 62 anaphedwa ku South Africa, ndipo Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique anawotchedwa anthu akuonerera pafupi ndi Johannesburg. Mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Lamulo la ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma ndi angati amene amalikumbukira mfuu ikamveka?

Gulu la zisudzo la ku Khombedza lingasewere masewero amenewa?

Kuwasewera mmene alili n'kovuta. Chizungu chake n'cha akuda a kumidzi yakummwera, chomwe ngakhale mwana wa Fomu 4 angapunthwe nacho, ndipo mabuku ake sapezeka wamba. Chotheka ndi kubwereka kamangidwe kake n'kuikamo nkhani yathu. Ndalama sipafunika: mphasa, mbale za nsima, ndowa, ndi anthu asanu. Chigulu chikhale kuseri kwa kalasi, chizingomveka, likhweru ndi mfuu zikuyandikira kenako n'kutalikira. Kwaya ya mpingo iziimba chapatali monga mwa masiku onse. Pabwalo pakhale mayi amene akupakula, mbale imodzi n'kuivundikira kuti mwini wake akubwera.

Vuto lenileni ndi owonera. Tinazolowera kuti sewero ndi Izeki ndi Jakobo, ndipo munthu akangovala mpango wa agogo n'kuwerama, ana amayamba kale kuseka. Du Chisiza Jr. ndi gulu lake la Wakhumbata, komanso Gertrude Kamkwatira pambuyo pake, anasonyeza kuti Amalawi amatha kukhala chete m'holo nkhani ikalemera, koma iwo anali ndi khomo lolipiritsa ndi makoma anayi. Pabwalo la sukulu, dzuwa likuswa mtengo, ogulitsa mandasi akudutsa, woseweretsa ayenera kulola kuti anthu aseke poyamba. Awakondetse mnyamatayo, amuonetse akunyengerera mayi ake kuti amuonjezere usipa, akunamiza mlongo wake za mtsikana wa ku Thavite. Akatuluka pabwalo asabwererenso, ngakhale pa nthawi yowerama pamapeto. Pali chinanso choti mphunzitsi aganizire asanasankhe nkhani: m'mudzi waung'ono, ena mwa okhala pa benchi lakutsogolo akhoza kukhala kuti anagwirapo mwala, ndipo mayi wa amene anagendedwayo akhoza kukhala kumbuyo, pansi pa mtengo wa mango.